Masekondi Khumi ndi Anayi

Ku Bangula dzuwa limadzuka lili lokwiya kale.
Ikamati naini koloko malata a khola ayamba kulira,
ndipo ine Zuze, wolembedwa ntchito yosesa ndowe,
ndimathira madzi pamsana pa nkhumba.
M'fayilo ndi nambala seveni.
Ine ndimati Chigumula,
poti anabadwa sabata imene madzi anakokolola mlatho wa kwathu.

Anamuboola chigaza mu Okutobala.
Magetsi atathima, wogwira tochi ndinali ine.
A Dokotala Alfazema, thukuta likuyenderera m'magalasi,
analowetsa kachipeso ka mano makumi atatu ndi awiri,
dzino lililonse lowonda kuposa ndevu ya chimanga,
mwapang'onopang'ono,
ngati wowokera mpunga m'thope lofewa.
Pamwamba anamata kachipewa ka pulasitiki,
waya n'kutulukira pakati pa makutu.

Usiku womwewo anati, bwera udzamve.
Ndinamva mapira akuthetheka m'phale,
madontho a chizimalupsa pa denga.
Akuti ndi ubongo ukudziyankhulira.
Pa kompyuta mizere inkayenda uliwonse njira yake
monga anthu tsiku la msika.
Ndikagwedeza chidebe cha madeya, mzere wachikhumi unkadumpha.
Ndikamukanda kuseri kwa khutu, yonse inkafatsa.
Ndinachita manyazi
ngati ndasuzumira kubafa kwa eni.

M'mutumo muli timatumba ta njoka za m'mimba,
toyera ngati mpunga wonyikidwa.
Tikavuta, msika uja umatha.
Mizere yonse imayamba kuguba phazi limodzi,
kukwera, kutsika, kukwera,
mwini mutu ali chilili, akutafuna, sakudziwa kanthu.
Ine ndimawerenga chamumtima.
Pa khumi ndi zinayi miyendo imauma,
thovu kukamwa,
mutu ukumenya simenti mpaka nditaikapo chiguduli.

Esinala, mlongo wanga, ankagwanso chonchi.
Anagwa kudooko Loweruka lina m'mawa,
ndowa isanadzadze,
m'madzi olekeza m'mawondo.
Amayi asanu anaima patali atagwira pakamwa,
poti amati thovu la wakhunyu limapatsira.
Si ng'ona inamutenga ayi.
Madzi olekeza m'mawondo basi.

Ndinapitako chaka chino, foni m'manja, kukayesa.
Kuchoka pamene anagwera kufika pouma
ndi mapazi asanu ndi anayi.
Ndinayenda mwachifatse ngati wosenza,
ndinayendanso ngati wotsimphina.
Nthawi inkatsalabe.
Mwana woweta ng'ombe anandiyang'ana
ngati ndazungulira mutu.

Ndinafunsa a Dokotala ngati kudzakhale kabelu,
kakang'ono kovala m'khosi,
koti kadzinena kuti tuluka m'madzi,
choka pamoto, tsitsa mwana kumsana.
Anapukuta magalasi nthawi yaitali.
Anati mwina. Zaka zambiri. Ndalama zikapezeka.
Anatinso, iyi ndi nkhumba imodzi, Zuze,
ina sichenjeza n'komwe.

Ndimakhulupirira, n'kukayikanso.
Chigumula sanasaine pepala lililonse.
Pena amakhuza kachipewako pakhoma,
amandiyang'ana ndi diso limodzi,
nsidze zoyera zodzadza fumbi,
ndipo mizere makumi atatu ndi iwiri ija
siinena kuti akuti chiyani.

Pakhoma pamatidwa chikalata:
Lachisanu, nambala seveni, kutseka.
Ubongo upita ku Blantyre m'botolo la mankhwala,
mnofu ukaotchedwa kudzenje, osadya munthu.
Anyamata a kabaza akuti n'kuwononga ndiwo.

Lero ndagona konkuno.
Udzudzu ukuimba, jenereta ikutsokomola,
mphepo yochokera kudambo ikununkha matope ndi nsomba zowamba.
Chigumula wagona chammbali,
mizere ikuyenda mwaulesi ngati Shire wa m'chilimwe.
Ndagwedeza chidebe chopanda kanthu
kuti ndingoona mzere wachikhumi ukudumpha.
Wadumphadi.
Wadzuka, wabwera kudzanunkhiza dzanja langa.
Ndamuthirira madeya onse a mawa,
ndi a mkuja omwe.